Boganiviliya wanga wangochita masamba, maluwa ayi. Ndikulakwitsa pati?

Mayi wa ku Area 25: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ine ndabwera ndi dandaulo. Chaka chatha mu Januwale ndinagula mbande ziwiri za boganiviliya kwa anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, n'kuziwokera m'mphepete mwa mpanda wa njerwa kuti ziyange n'kuphimba khoma. Pogula zinali ndi maluwa ofiira bwinobwino zili m'machubu momwemo. Nditangowokera, maluwa aja anayoyoka, ndipo mpaka lero, Ogasiti uno, sindinaonenso ngakhale limodzi. Kukula ndiye zikukula, nthambi zapitirira mpanda, masamba obiriwira bii. Ndimathirira m'mawa uliwonse, ndinaika manyowa a nkhuku, ndipo feteleza akatsala ku munda ndimawazako. Chondiwawa n'chakuti kuseri kwathu kuli nyumba yomwe yakhala yopanda munthu chaka chonse, koma boganiviliya wa pamenepo wachita maluwa mpaka masamba osaoneka. Ndithandizeni.

Wa nazale ku Blantyre: Amayi, musanalandire malangizo ndiyankheni mafunso atatu. Feteleza amene mumawazayo ndi wanji? Dzuwa limafika pamalopo maola angati? Nanga alipo amene amadulira?

Mayi wa ku Area 25: Feteleza ndi Urea, nthawi zina CAN. Dzuwa limafika kuyambira cha m'ma 9 mpaka madzulo, kupatula mbali imodzi yomwe ili pansi pa mtengo wa mango. Kudulira amadulira mnyamata wotithandiza panja, mwezi uliwonse, kuti pazioneka mwadongosolo ngati heji.

Wa nazale ku Blantyre: Ndiye nkhani yapezeka, amayi, ndipo musadandaule, mbewu yanu ili moyo ndithu. Zinthu zitatu mukuchitazo, chilichonse pachokha chikhoza kuletsa maluwa, ndiye inu mwaphatikiza zonse.

Choyamba ndi Urea. Mwa feteleza yense amene timagula kuno, Urea ndiye wodzaza ndi nayitirojeni, 46 pa 100 iliyonse. Ntchito ya nayitirojeni ndi kukulitsa masamba ndi mapesi, n'chifukwa chake timabereketsera chimanga. Manyowa a nkhuku nawonso ndi amphamvu chimodzimodzi. Boganiviliya akapeza chakudya chotere amangotaya nthambi zitalizitali zaminga ikuluikulu, za maluwa amaiwala.

Chachiwiri ndi madzi. Mbewu imeneyi imachita maluwa ikamva kuti nthaka yauma. N'chifukwa chake kuno kwathu mumaiona itayaka m'chilimwe, kuyambira mvula ikasiya mpaka Okutobala, pomwe m'dzinja imangobiriwira. Inu pothirira tsiku ndi tsiku mukuiuza kuti dzinja silinathe. Wa kunyumba yopanda munthuyo akudya za m'nthaka basi, ndipo madzi anawaona komaliza mu Epulo.

Chachitatu ndi sizasi ya mnyamatayo. Maluwa amatuluka kunsonga za nthambi zatsopano. Akameta mwezi uliwonse, akuchotsa malo enieni otulukira maluwa.

Lekani kuthirira kuyambira mawa. Mbewu ya chaka ndi theka ili pansi singafe ndi ludzu la masabata atatu. Mukaona nsonga zayamba kufota m'mawa, osati masana okha, thirirani kamodzi madzi ambiri olowa pansi, n'kusiyanso. Feteleza ayi. Sizasi ibisidwe.

Mnyamata wa ku Mangochi: Zoona zimenezo. Kuno kunyanja amamera pamchenga weniweni, dzuwa la kuno mukulidziwa, koma ndi kumene amakongola koposa. Palibe amene amataya madzi a pamjigo kuthirira boganiviliya.

Agogo a ku Zomba: Mwanawe wa ku Area 25, wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Ine ndili ndi wanga amene ndinadzala ana anga ali ku pulayimale, lero ali ndi ana awo. Tsinde lake lafika ngati ntchafu ya munthu. Zonse wanena mwana wa ku nazaleyu ndikuvomereza, koma ndionjezepo za mthunzi. Kuno ku Zomba mitengo ndi yambiri, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimatha masiku chikungowaza. Wanga mbali yomwe yayang'ana kumpoto, kumene dzuwa limakhala m'miyezi ya Juni ndi Julaye, maluwa amachita kulemera. Mbali yakummwera, ya tsinde lomwelo, masamba okhaokha. Ndiye uja uli pansi pa mango usamuyembekezere zambiri. Amafuna dzuwa lomuwomba mwachindunji maola asanu kapena asanu ndi limodzi, kuposa apo ndiye bwino kwambiri. Mwina uphungule nthambi za mango zomwe zamuphimba.

Mayi wa ku Area 25: Zikomo agogo, zikomo achimwene. Mtima ukuwawa kusiya kuthirira, koma ndiyesa. Nanga uja wa pansi pa mango, ndingamuzule n'kumusamutsira poyera?

Wa nazale ku Blantyre: Ayi amayi, kusamutsa kukhale kothera. Pamwamba amaoneka wolimba ndi minga yakeyo, koma mizu yake ndi yopyapyala ngati ulusi, ndipo sigwira dothi. Mukazula, dothi lonse limagwa, mizu n'kuduka. Ife ku nazale timataya ambiri pa chifukwa chimenechi. Ngakhale powokera mbande, chubu sitikoka, timang'amba ndi lezala pang'onopang'ono n'kutsitsa dothi lonse m'dzenje osaligwedeza. Kuyoyoka kwa maluwa kuja mutangowokera, chifukwa chake chinali chomwecho. Ndi bwino mutenge nthambi kwa iyeyo mudzale mbewu yatsopano poyera.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Ndalowa mochedwa, ndinali m'kalasi. Ndiloleni ndikonzeko mawu amodzi, chifukwa ndi nkhani yomwe ndimaikonda pophunzitsa za mbali za duwa. Zofiira zomwe tonse tikuzitchula kuti maluwazi si maluwa enieni. Ndi masamba osandulika, amene m'mabuku a sayansi amatchedwa bract. Tathyolani chimodzi muchiyang'anitse padzuwa, muona mitsempha yake ikuyenda ngati ya tsamba. Duwa lenileni ndi kaja kakang'ono koyera, konga kalipenga, kali pakati. Nthawi zambiri timakhala titatu, kalikonse katamatirira pa tsamba lake lachikuda. Ntchito ya masamba achikudawo ndi kuitana agulugufe ndi tizilombo tina, komanso mbalame, kuti tiwone kaduwa kosaoneka bwinoko. N'chifukwa chakenso amakhala masabata ambiri osafota, duwa lenileni litauma kale, ndipo akagwa amachita phokoso ngati mapepala.

Chinanso chimene ana amadabwa nacho: utoto wofiirawo ndi wa mtundu umodzi ndi umene uli mu bitiruti, wotchedwa betalain. Maluwa ambiri ofiira, monga rozi, utoto wawo ndi wa mtundu wina.

Mnyamata wa ku Mangochi: Aphunzitsi, ine zaka zonsezi ndimaganiza kuti toyerato ndi njere zake!

Mphunzitsi wa ku Dedza: Ayi achimwene, ndiwo maluwawo. Njere sizioneka kawirikawiri, chifukwa mitundu yambiri yomwe tili nayo ndi yosakaniza ndipo sibereka. Ndiye boganiviliya aliyense mukumuona pa mipanda yathuyi anachokera ku kanthambi komwe wina anadula kwa mnzake, mnzakeyonso anadula kwa wina. Ine zimenezi zimandigwira mtima.

Namwino wa ku Leeds, ku England: Aphunzitsi pitirizani. Kodi kwawo kwenikweni n'kuti? Ine ndinakula ndikudziwa kuti ndi duwa lakwathu, mpaka ndinalipeza ku Spain pa tchuthi likuyanga pa nyumba iliyonse.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Achemwali, kwawo ndi ku South America, maiko monga Brazil, Peru ndi Argentina. Jakaranda amene amadzaza misewu ya Blantyre ndi Zomba ndi maluwa mu Seputembala ndi Okutobala nayenso ndi wa komweko. Dzina lenileni limalembedwa Bougainvillea, kuchokera kwa Louis Antoine de Bougainville, mkulu wa ulendo wa panyanja wa Afalansa umene unazungulira dziko lonse kuyambira 1766 mpaka 1769. Koma amene anatola mbewuyi si iyeyo. Pa ulendowo panali katswiri wa zomera, Philibert Commerson, ndipo zitsanzo zoyamba anazitenga atakocheza ku Rio de Janeiro mu 1767. Dzinalo linadzasindikizidwa mu 1789 ndi katswiri wina, Antoine Laurent de Jussieu.

Pali gawo lomwe ndimafuna atsikana a m'kalasi mwanga alimve. Commerson anali ndi womuthandiza dzina lake Jeanne Baret. Malamulo a nthawiyo sankalola mkazi kukwera zombo za boma la France, ndiye iye anavala ngati mwamuna n'kulowa ngati wantchito. Commerson ankadwala zilonda za kumwendo, ndipo amene ankanyamula katundu ndi kuyenda m'tchire kutola zomera kwambiri anali Baret. Olemba mbiri ena amakhulupirira kuti amene anathyola boganiviliya woyambayo ndi mayiyu. Amadziwikanso kuti ndi mkazi woyamba kuzungulira dziko lonse lapansi. Duwa linatenga dzina la mkulu wa zombo, dzina la mayiyu linaiwalika zaka zambiri.

Namwino wa ku Leeds: Zikomo kwambiri aphunzitsi, nkhani ya mayiyu ndiuza ana anga madzulo ano. Ine wanga ali m'phika kuno. Ndinagula chifukwa cha kupukwa, amandikumbutsa mpanda wa amayi anga ku Chilomoni. Panja amatuluka mu Juni mpaka Seputembala basi, kukayamba kuzizira ndimamulowetsa pawindo loyang'ana kummwera, poti kuno dzuwa limadzera mbali imeneyo. Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 10 amayamba kudandaula. M'nyengo yachisanu amayoyola masamba pafupifupi onse, chaka choyamba ndinalira poganiza kuti wafa. Ndinangochepetsa madzi, mu Epulo anaphukanso. Chimene ndaphunzira n'chakuti mphika usakhale waukulu. Ndinamusamutsira mu waukulu poganiza kuti ndikumuchitira chifundo, chaka chimenecho sanachite maluwa. Amafuna mizu ipanikizike.

Wa ku Johannesburg: Achemwali a ku Leeds mwanena zoona pa za chisanu. Ine ndimagwira ntchito ya m'magadeni kuno zaka zambiri tsopano. Juni ndi Julaye kuno kumagwa chisanu chenicheni, m'mawa udzu uli mbuu. Boganiviliya wamng'ono chimamupsereza usiku umodzi, masamba kuda ngati wawathira madzi otentha. Ndiye timadzala motsamira khoma loyang'ana kumpoto, khoma limasunga kutentha kwa masana, ndipo zaka ziwiri zoyamba timafunditsa nsalu usiku. Akakula amapirira. Nthambi zomwe zapsa sitidula msanga, timazisiya ziziteteza zamkati mpaka chisanu chithe mu Seputembala. Aphunzitsi a ku Dedza, kwanuko kumazizira, m'madambo musadzale, dzalani pamtunda pafupi ndi nyumba. Ku Durban ndiye amangomera okha, kulibe chisanu.

Koma pa za kudulira ndikusiyanako pang'ono ndi achimwene a ku nazale. Mwati sizasi ibisidwe. Mukamusiya osadula konse, pakatha zaka zitatu amayiwa adzalephera kudutsa pamenepo. Ndaonapo atakwera mumtengo mpaka pamwamba penipeni, amatha kufika mamita 10 kapena 12. M'kati mwake mumadzaza nthambi zouma zaminga zomwe kuchotsa kwake ndi ntchito ya masiku awiri.

Wa nazale ku Blantyre: Achimwene, sitikutsutsana. Ndati ibisidwe panopa, kuti nsonga zikule zichite maluwa chaka chino. Kudulira kulipo, koma kuli ndi nthawi yake. Ine kudula kwakukulu ndimachita mvula ikamapita kumapeto, mu Malichi kapena kumayambiriro a Epulo. Nthaka imakhala ikadali ndi chinyezi, amaphuka nthambi zambiri zazifupi, ndipo chilimwe chikafika iliyonse imanyamula maluwa. Kenako maluwa akatha gulu limodzi, ndimangodula nsonga pang'ono, kutalika ngati chala, kuti aphukenso. Amachita maluwa mowirikiza, kupuma masabata angapo n'kuyambanso.

Wa ku Johannesburg: Apo tagwirizana. Ndionjezepo chinsinsi chimodzi. Zija nthambi zonenepa zomwe zimatuluka mowongoka ngati mkondo, anthu amathamangira kuzidula. Ngati pali malo, musadule, ipindeni igone chopingasa n'kuimangirira pa waya. Nthambi ikagona imatulutsa tinthambi tambiri m'mbali monse, ndipo tonseto timachita maluwa. Khoma limadzaza msanga kusiyana ndi kuisiya ipite kumwamba.

Mayi wa ku Area 25: Kumangirira? Ine ndimayesa amagwira yekha khoma.

Wa ku Johannesburg: Ayi amayi. Alibe timanja topota ngati ta maungu kapena magalagadeya, ndipo sazungulira mtengo ngati nyemba. Iye amangotaya nthambi n'kutsamira chilichonse chili pafupi, minga yakeyo ndiyo imakola kuti asaterereke. Pa khoma losalala sangakwere. Khomani misomali ya konkire, mukoke waya wolimba mizere iwiri kapena itatu, mpata wa chikhatho kuchoka kukhoma. Pomangirira gwiritsani ntchito nsanza kapena luzi, osati waya, chifukwa nthambi ikamanenepa waya amalowa m'khungwa.

Agogo a ku Zomba: Amene amagwira yekha ndi uja wa maluwa achikasu chofiirira ngati lalanje, olendewera ngati zala, amene amaphimba madenga ndi mipanda m'miyezi yozizira. Angerezi amati golden shower. Uja ali ndi timanja, ndipo alibe minga. Amene ali ndi ana ang'onoang'ono ndimawalangiza ameneyo pafupi ndi khonde, boganiviliya apite kumpanda.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Ameneyo agogo ndi Pyrostegia venusta, nayenso kwawo ndi ku Brazil. Woyanga wokongola amene ndi wa kuno ku Africa ndi Thunbergia alata, wa maluwa achikasu okhala ndi diso lakuda pakati. Maiko akunja amagula njere zake m'masitolo.

Bambo wa ku Kasungu: Pepani ndilowererepo. Ine mukunena zonsezi koma kunyumba kwanga sindingadzale. Maluwa amenewa amaitana njoka. Kwa achimwene anga anapha mbobo m'kati mwa boganiviliya wa pampanda, ana akusewera pafupi. Komanso ndinamva kuti mizu yake imagwetsa mpanda.

Mnyamata wa ku Mangochi: Bambo, njoka ndiye zimapezeka paliponse, ngakhale m'nthochi. Tileke kudzala nthochi?

Agogo a ku Zomba: Mwanawe wa ku Mangochi, usawayankhe motero bambowa, mantha awo ali ndi chifukwa. Bambo a ku Kasungu, duwalo palokha lilibe fungo kapena chilichonse choitana njoka. Chimene chimachitika n'chakuti likasiyidwa osasamalidwa limachita chiyangoyango chothithikana, pansi pamadzaza zinyalala zouma. Mbalame zimamanga zisa m'menemo poti minga imaziteteza kwa amphaka, makoswe ndi abuluzi nawo amabisala. Njoka imatsata chakudya chimenecho. Ine wanga ndinamusadzula m'munsi monse, kuchokera pansi mpaka m'chiuno mwa munthu ndi tsinde lokha, ndipo timasesa pansi pake m'mawa uliwonse. Zaka zonsezi sindinapezepo njoka. Koma ngati mulibe nthawi yomusamala, ndi bwino kusadzala kumene, pamenepo ndikukuvomerezani.

Wa nazale ku Blantyre: Za mpanda, bambo, mizu yake si yoopsa ngati ya mkuyu kapena kachere. Chimene chimagwetsa mpanda ndi kulemera kwa pamwamba. Akakula n'kunyowa ndi mvula, mphepo n'kuwomba, mpanda wa njerwa imodzi womangira dothi sungapirire. Wa udzu kapena bango ndiye osayerekeza. Dzalani motalikirako ndi khoma, phazi limodzi kapena awiri, ndipo musalole kuti alemere mbali imodzi. Padenga ndiye musamulole n'komwe. Zouma zake zimaunjikana pamalata, zimasunga chinyezi, malata n'kuchita dzimbiri, ndipo zimatseka njira za madzi.

Ubwino wa minga yomweyo ndi wakuti wakuba saukonda mpanda wotere. Makasitomala anga ambiri amagula pa chifukwa chimenechi kuposa kukongola.

Namwino wa ku Leeds: Poti mwatchula minga, ndilankhuleko ngati namwino. Podulira valani magolovesi achikopa, malaya a manja aatali ndi nsapato zolimba pansi. Utomoni wake umayabwa ndipo anthu ena amatuluka nawo zidzolo. Munga ukakulasani, tsukani ndi sopo ndi madzi oyera, muonetsetse kuti nsonga sinatsalire m'kati. Pakatupa, kufiira kapena kutentha pakapita masiku awiri, pitani kuchipatala, makamaka amene muli ndi matenda a shuga. Nthambi zodulidwa musataye panjira pomwe ana amayenda opanda nsapato, munga wouma umalimba kuposa wauwisi. Ziunjikeni pamodzi muziwotche.

Mtsikana wa ku Mzuzu: Moni nonse, ine ndimangowerenga mwakachetechete, lero ndalimba mtima. Ndayesa katatu kudzala nthambi zomwe ndinapempha kwa aneba, zonse zinauma. Ndimadula nsonga zanthete zokhala ndi maluwa n'kuziika m'botolo la madzi. Ndikulakwitsa chiyani?

Wa nazale ku Blantyre: Achemwali, nsonga zanthete zimafota zisanatulutse mizu, ndipo m'madzi zimaola. Chitani chonchi. Sankhani nthambi yokhwimirako, yomwe khungwa lasiya kubiriwira layamba kutuwa, yonenepa ngati pensulo. Dulani zidutswa zotalika masentimita 15 mpaka 20, chilichonse chikhale ndi mfundo zinayi kapena zisanu. Pansi dulani mmunsi penipeni mwa mfundo. Chotsani masamba onse kusiya awiri a pamwamba, maluwa onse achoke. Samalani kuti musazike chadodolido, mbali yomwe inali pansi ipite pansi.

M'chubu ikani mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi la pamwamba pang'ono, manyowa ayi. Zikani theka la kanthambiko, tsinderani, thirirani, ndipo vundikirani ndi jumbo yoyera kapena botolo la pulasitiki lodula pansi kuti chinyezi chisathawe. Ikani pamthunzi wowala, monga pansi pa mtengo. Ufa wothandiza kutulutsa mizu umapezeka m'masitolo a zaulimi, umathandiza, koma ndi wosakakamiza.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amagwa. Pakatha masabata awiri kapena atatu timasamba timaphuka, munthu n'kusangalala, n'kuzula kuti aone mizu. Timasamba timeneto timatuluka ndi chakudya chomwe chinali m'kanthambi, mizu imakhala isanabwere. Mizu imatenga mwezi umodzi ndi theka, iwiri, nthawi zina itatu. Dikirani mpaka muione ikutulukira pansi pa chubu. Ndipo zikani khumi, osati imodzi, chifukwa ngakhale ife sizigwira zonse. Kwanu ku Mzuzu kozizirako dikirani kutenthe kaye, Seputembala kapena Okutobala.

Agogo a ku Zomba: Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe. Koma ine njira yanga ndi ina, ndipo sinandikhumudwitsepo. Pempha aneba akowo akulole upinde nthambi imodzi yaitali ifike pansi. Pamalo pomwe ikhudze nthaka, pala khungwa pang'ono ndi mpeni, ukwirire, utsindike ndi mwala, nsonga itulukire kunja. Nthambiyo imakhala ikuyamwabe kwa make pomwe ikupanga mizu yake. Ukwirire m'chitini chobowola kapena m'chubu chachikulu kuti podzachotsa usavutitse mizu. Pakatha miyezi itatu dula, nyamula. Ana anga onse anatenga mbewu kwa ine mwa njira imeneyi.

Mtsikana wa ku Mzuzu: Zikomo agogo, ndiyesa njira zonse ziwiri. Aneba ali ndi wofiirira ndi woyera. Wosavuta ndi uti?

Wa nazale ku Blantyre: Yambani ndi wofiirira wamba uja, wa masamba osalala onyezimira. Ndiye wolimba kuposa onse, amagwira msanga ndipo amapirira kudulidwa, n'chifukwa chake amapangira heji. Woyera, wachikasu ndi uja wa masamba amawangamawanga amachedwa kugwira ndipo amakula pang'onopang'ono. Pali wina wa maluwa othithikana ngati rozi, wokongola kwambiri, koma maluwa ake akauma sagwa, amatsalira pamtengo ali bulauni, ndiye umafunika kumawachotsa ndi manja.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Wa masamba osalalayo ndi Bougainvillea glabra. Wina wa masamba aubweya pansi pake ndi minga yokhota kwambiri ndi Bougainvillea spectabilis, ameneyo ndiye amakula mwamphamvu n'kukwera mitengo. Ofiira ambiri ndi osakaniza a glabra ndi mtundu wa ku Peru.

Bambo wa ku Kasungu: Agogo mwandifotokozera bwino, ndamva. Mayi akunyumba akhala akundipempha kwa nthawi yaitali. Mwina ndiyesa mmodzi kugeti, kutali ndi kumene ana amasewera. Koma mbuzi za m'mudzi sizimudya?

Mnyamata wa ku Mangochi: Zimadya bambo, makamaka nsonga zanthete minga isanalimbe. Mutchingireni ndi njerwa kapena timitengo mpaka apitirire msinkhu wa mbuzi. Pepaninso ndinakuyankhani mothamanga poyamba paja.

Bambo wa ku Kasungu: Palibe kanthu achimwene.

Mayi wa ku Area 25: Funso lomaliza. Wina wandiuza kuti ndithire phulusa kuti maluwa abwere. N'zoona?

Wa ku Johannesburg: Phulusa la nkhuni lili ndi potashi, amene amathandiza maluwa. Kadzanja kamodzi mozungulira tsinde, kamodzi kapena kawiri pachaka, sikalakwika.

Wa nazale ku Blantyre: Koma lisapitirire pamenepo. Boganiviliya amakonda nthaka yowawasirako pang'ono, ndipo phulusa likachuluka limaisintha. Mudzaona masamba atsopano akuchita chikasu, mitsempha yokha yobiriwira. Amayi ambiri amataya phulusa la pambaula tsiku lililonse pa tsinde limodzi, kenako amabwera kudzafunsa kuti mbewu yadwala chiyani. Inu amayi a ku Area 25 chaka chino musathire kalikonse, nthaka yanu yakhuta kale. Chaka chamawa mukadulira, mungaikeko D compound pang'ono kapena kompositi wowola bwino. Mukaona nsabwe kapena kodikodi kunsonga, sungunulani sopo pang'ono m'madzi mupopere madzulo.

Mayi wa ku Area 25: Abale anga, ndabweranso, lero ndi pa 6 Okutobala. Ndinachita monga munandiuzira. Masabata awiri oyamba panalibe chosintha. Sabata yachitatu masamba ena anachita chikasu n'kuyoyoka, ndinatsala pang'ono kutenga kheni, koma ndinawerenganso uthenga wa achimwene a ku nazale n'kudziletsa. Ndathirira kawiri kokha kuchokera tsiku lija. Nthambi zitatu zazitali tinazigoneka pa waya monga ananenera achimwene a ku Johannesburg. Kumapeto kwa Seputembala ndinaona tinthu tating'ono tofiirira kunsonga, ndimayesa masamba atsopano. Lero mbali yonse ya kugeti yafiira, ndipo ndathyola limodzi n'kuonadi timaluwa titatu toyera tija aphunzitsi ananena. Mwana wanga wapita nalo kusukulu. Uja wa pansi pa mango wangochita pang'ono, kunthambi imodzi yomwe yatulukira padzuwa.

Agogo a ku Zomba: Ndasangalala mwanawe. Mvula ikayamba adzabwerera ku masamba, usadzadabwe n'kuyambanso kumuthira feteleza.

Wa ku Johannesburg: Tumizani chithunzi amayi, tione mtundu wake. Mango ajawo muphungule mukatha kudya zipatso, osati panopa.

Mtsikana wa ku Mzuzu: Ine ndazika khumi sabata yatha, zisanu ndi ziwiri zofiirira, zitatu zoyera, ndipo nthambi ya kwa aneba ndakwirira m'chitini. Achimwene a ku nazale, jumbo ija ndizichotsa masana kapena izikhala chivundikire?

Wa nazale ku Blantyre: Izikhala, koma muzitsegula kanthawi kochepa m'mawa pakapita masiku awiri kapena atatu kuti mpweya ulowe. Mukaona madontho ambiri m'kati mwa jumbo, musathirire. Nkhungu yoyera ikagwira kanthambi kena, kachotseni msanga kasanapatsire tinzake.